Mphindi Zisanu ndi Zitatu

Foni ikuti mphindi zisanu ndi zitatu
ndikhala nditafika ku Fishponds.
Inanenanso zomwezo tili pa Old Market.

Basi yaima ngati ikupatsa ulemu maliro.
Kutsogoloku akukumba pomwe anakumba chaka chatha,
wantchito ndi mmodzi,
nayenso maso ali pafoni.

M'thumba la jekete muli kapepala konyowa,
nkhope yosekerera, mano oyera mbee:
akuti tikamuvotera misewu ya Bristol idzapuma.
Wachipani china anandilonjeza zomwezo.
Onse anabwera pagalimoto,
aliyense yekhayekha.

Dzulo ndinasayina dandaulo pa intaneti.
Anayamba andifunsa ngati ndine munthu,
ndisankhe zithunzi zonse zokhala ndi basi.
Sindinavutike kuzizindikira. Zinali zitaima.

Bambo Pritchard akudikira mapiritsi am'mawa,
zala zawo sizitsegulanso botolo.
Makina akuntchito alemba kale kuti ndachedwa,
polemba chifukwa palibe.

Mvula yayamba kuwaza.
Mtsikana wapanjinga anatidutsa uja
akubwerera, buledi ali m'basiketi.
Dalaivala wazimitsa injini.

Foni ikuti mphindi zisanu ndi zinayi.