Zala Ziwiri

Fizi ya mwana uyu ndinalipira ndi mawondo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikupalasa kabaza pa Kamwendo:
matumba a soya, amayi apakati, mbuzi yomangidwa miyendo,
tsiku lina bokosi la maliro lopanda munthu.
Ndiye itamveka mbiri yoti Ndaziona wasankhidwa kupita ku yunivesite
ndinagulira zibwente siteji yonse.

Maliseni anafunsa, akaphunzira za udokotala?
Ndinati ayi.
Za malamulo nanga?
Ndinati akuti sayansi ya kayendedwe ka thupi,
masewero olimbitsa thupi ndi thanzi.
Anthu anafa nalo phwete.
Zaka zinayi kukaphunzira kuthamanga?
Osangomutuma kuchigayo bwanji?
Ndinaseka nawo.
Usiku umenewo tulo sitinabwere.

Holide yoyamba anabwera ndi buku lolemera ngati njerwa yootcha,
m'kati mwake anthu osendedwa khungu,
ofiira ngati nyama yopachikidwa pamsika,
mnofu uliwonse ndi dzina lake lopinda lilime.
Mayi ake analiphimba ndi chitenje
kuti ana asalote.

Chaka chachiwiri anayamba kuyang'ana anthu modabwitsa.
Pamjigo ankati Nagama akupopa ndi msana m'malo mwa miyendo.
Ine anandigwira pamkono ndi zala ziwiri,
maso pa wotchi, milomo ikuwerenga,
n'kunena kuti mtima wanu bambo ndi wa mnyamata,
koma mchere muchepetse.

Za bondo lakumanzere sindinamuuze.
M'mawa linkalira ngati chitseko cha dzimbiri.
Mphini ndinatemera, mapilitsi a pagolosale ndinamwa,
pachitunda cha njira ya ku Kapiri ndinkatsika
n'kunamiza wokwera kuti tcheni yavuta.

Anandigwira yekha chaka chachitatu
ndikudzuka pampando mogwirira khoma.
Kwerani njinga, bambo, ndikuoneni.
Ndinazungulira mtengo wa mango katatu, ana akuseka,
iye atanyonyomala pafumbi,
osayang'ana nkhope yanga, maso pa chidendene.
Kenaka anapempha sipanala.
Anakweza chishalo zala ziwiri. Basi.
Zaka zonsezi, anatero,
mwakhala mukupalasa ngati mwakhala pa kampando ka kukhitchini.

Ndinafuna kumuuza kuti njinga imeneyi ndi mkulu wake,
kuti ndiyo inamunyamula kupita naye kusikelo.
Ndinangomeza malovu.

Anadula chubu chakale n'kuchimanga ku mwendo wa bedi.
Kokani ndi phazi, kakhumi ndi kasanu, mupume, mubwereze.
Mnofu wa pantchafu ukalimba, bondo lipeza womuthandiza.
Ndinkachita nditatseka chitseko,
munthu wamkulu kulimbana ndi mphira kusanache,
mkazi wanga akunamizira kugona, bulangeti likugwedezeka.

Sindinena kuti ndinachira.
Mu Juni kukazizira limandikumbutsabe kuti lilipo.
Koma chitunda chija ndinachikwera ndili ndi mphunzitsi wonenepa kumbuyo,
ndipo pamwamba pake ndinaima,
osati chifukwa cha bondo,
ndinangofuna kucheuka ndichione.

Lachinayi lina kutada kunamveka odi wotsika.
Maliseni, chipewa m'manja, njinga pambali.
Anayamba ndi za mtengo wa mtedza,
anadzera ku mvula, ku maliro a kwa Mkanda,
kenaka, maso pansi:
mwana uja wagona kale?
Msanawu ukunditenga.

Amaliza chaka chamawa.
Ntchito akaipeza kuti, sindidziwa.
Iye amatchula zipatala, masukulu, matimu a mpira,
ine ndimangoti ehe, mtima uli m'mwamba,
ngongole ya kubanki m'khonde ikundidikira.

Koma m'mawa ndikafika pasiteji ndimawerenga zishalo.
Zokwezedwa zafika zisanu ndi ziwiri tsopano,
chitsulo chonyezimira chikuonekera pamene dzimbiri silinafike.
Palibe amene amanenapo kanthu.
Basi ya ku Lilongwe ikaima,
tonse timathamangira okwera.