Ndi Mkazi Wake

M'kaundula wakale, pa tsamba lodyedwa ndi chiswe m'mphepete,
analembamo: Zelimani, Myuda, wogula thonje, Salima.
Kenako, ndi inki yotsalira kunsonga ya cholembera:
ndi mkazi wake.
Mawu atatu amenewa ndi omwe anandikweza basi.

Kuseri kwa siteshoni ya sitima,
m'nyumba ya malata ofiira ndi dzimbiri,
ndinapeza ana awo awiri, onse a imvi tsopano.
Wamwamuna anabadwa ali Mendeli;
a kuno analiwongola dzinalo kukhala Mendulo, ndipo amavomera.
Wamkazi ndi Gitela.

Ndinaika kamakina kojambula mawu patebulo
ngati mlendo amene sanamulonjere.
Funso loyamba ndinaponyera Gitela,
a Mendulo analiwakha m'malere.
Lachiwiri, chimodzimodzi.
Chaka chimene makolo anafika, doko limene anatsikira,
mtengo wa thonje pa sikelo,
zonse zinatuluka zitavala taye.
Gitela ankangopukuta kapu youma kale.

Kusukulu anatiuza kuti kukhala chete nakonso ndi yankho.
Sanatiuze kuti kumalembedwa ndi chilembo chanji.

Lachisanu ndinabwerera, a Mendulo atapita kubanki.
Mafunso anga khumi ndi awiri anatsala m'chikwama.
Ndinapatsidwa lichero la mpunga kuti ndichotse timiyala.
"Zimitsa kanthu kakoko," anatero.
"Ukalembe ukafika kwanu, zimene mutu wako usunge."

"Amayi dzina lawo linali Peseli.
Pothawa anasokerera ndalama mumpendero wa diresi,
pamodzi ndi kapepala ka maina asanu a abale awo.
Ndalama zinatha. Maina sanathe.
Mwezi ndi mwezi ankalemba kalata,
mwezi ndi mwezi inkabwerera yosatsegula.
Chinyanja anaphunzira kwa Nabiyeni wochapa zovala;
mawu oyamba: pepani. Achiwiri: kwatentha.
Bambo ankaima pa sikelo anthu akuwaona,
koma masamu anali a amayi, usiku, pa nyali ya galasi."

Dzuwa lisanalowe anayatsa makandulo awiri,
naphimba maso ndi zikhatho,
nanong'ona chilankhulo chimene mwini wake akuti
amachidziwa ngati njira ya usiku, ndi mapazi okha.

Atatsegula maso anandiyang'ana.
"Nanga iwe wofunsa anzako, amako anachokera kuti?"
Ndinafuna kunena kuti wofufuza safunsidwa.
Koma pakamwa panatuluka Mozambiki,
mtolo pamutu, ine kumsana, mfuti zikulira kumbuyo,
ndi msasa wa othawa nkhondo kumene kalaliki
analemba dzina la bambo anga, kenako: ndi banja.
Mpunga unanyowa pang'ono.
Palibe anazitchula.

Patapita miyezi iwiri ndinabwera ndi mapepala,
poti mawu a mnzako ndi obwereka, amabwezedwa kwa mwini.
Anawerenga pensulo ili m'manja.
Anakhwatcha ndime yathunthu,
imene ngakhale pano sindinganene.
"Izi ndinauza iwe, osati yunivesite."
Anakonza mtundu wa diresi: silinali lakuda, linali lobiriwira.
Atafika pamene ndinaika dzina lopeka,
monga afunira malamulo a kafukufuku,
anadinda pensulo mpaka pepala linabooka.

"Zaka zonsezi akhala kuseri kwa bambo.
Iwenso ufuna uwabise?
Lemba Peseli.
Pe. Se. Li."

A Mendulo anali pakhomo, chipewa m'manja.
Anakhosomola, nati, "Ndipo ankaimba akamasita."
Nthawi iyi Gitela ndiye anamaliza chiganizo.

M'minibasi yopita ku Lilongwe, titapanikizana ndi matumba a chinangwa,
ndinaimba foni.
"Amayi, mawa ndikubwera.
Ayi, palibe vuto. Palibe wadwala.
Muli ndi mpunga wofuna kusankha?"