Dzanja Lobwereka

Lachitatu madzulo ku Rochdale,
mvula ikugogoda pazenera ngati mwini ngongole.
Bambo Lajos Szendrei akhala pampando wawo wachikopa,
ine ndasuntha mabotolo a mankhwala, ndatsegula laputopu.
Dzanja lawo linayamba kunjenjemera chaka chatha,
choncho kalata ya bungwe la anthu a ku Hungary
imatulukira m'zala zanga,
ine Ndaziona wa ku Ntcheu, wolipidwa pa ola
kuwasambitsa, kuwaphikira, kuwakumbutsa piritsi lachikasu.

Lemba, akutero. Za bolingi poyamba.
Anthu amathamangira pamenepo, za maliro amawerenga atakhuta.

Timu ya Tisza yagonjetsa timu ya Duna
ndi mapointi makumi anayi ndi awiri.
Dezső Kerekes wagwetsa timitengo tonse khumi
katatu motsatizana, bondo lake lachitsulo likulira.
Ayi, za bondo fufuta. Adzandinyanyalira.
Mayi Piroska Halmos apeza 163
ndi mpira wa malemu amuna awo,
mabowo ake aakulu, zala zimangosambiramo,
koma wina auze mayiyo kuti agule wina!
Gyula Bartal waponya m'ngalande kawiri.
Izo ulembe m'zilembo zikuluzikulu.
Anandilanda chibwenzi mu 1961.

Akuseka mpaka chifuwa chawagwira. Ndikuwamwetsa madzi.

Tsopano za mamembala.
Olipira ya pachaka, makumi atatu ndi mmodzi.
Osalipira akudzidziwa okha.
Kwa a Halmos kwabadwa mwana, dzina lake Oliver.
Oliver! Ngakhale kamzere ka pamwamba pa e
sanamuikire, anawa.
Watisiya Ferenc Ormai, wa zaka 88,
amene anawoloka malire usiku, nsapato imodzi itatsalira m'matope,
nadzapuma fumbi la thonje m'fakitale mpaka inatsekedwa.

Apa akhala chete.
Basi yadutsa panja, makapu agundana m'kabati.
Chala changa chikudikira pamwamba pa batani.
Lemba kuti ankaponya ndi lamanzere, akutero. Basi.

Ndikuwauza kuti ifenso tili nalo lathu ku Manchester,
timasonkherana yotumizira maliro kumudzi,
ndipo ine ndili m'gulu la odzidziwa okha, miyezi itatu.
Inu mukadatumizabe? akufunsa.
Ife tinaleka. Wolandira bokosi kumeneko anatha.
Timagona kuno, kuseri kwa sitolo ya matayala.

Kenaka akuwerenga zala: Piroska, Dezső, mwana wa Ormai.
Tisza yatsala ndi atatu. Lamulo limati anayi.
Maso awo ali pa mikono yanga.
Mikono yonditulutsa m'bafa m'mawa uliwonse,
mpira wa makilo asanu ungaiopse?
Ndikuti, bambo, ine wa ku Hungary ayi,
ngakhale moni wanu amandikola pakhosi.
Akuti lamulolo ndinalemba ndine,
mu 1974, nditamwa.
Lemba: membala watsopano, nambala 412.

Ayesa dzina langa katatu,
lilime likupunthwa pa nda,
monga langa linkapunthwira pa Dezső miyezi isanu ndi umodzi.
Tafanana, akutero. Paundi khumi ndikulipirira ine,
koma za ku Manchester ukamalize wekha.

Loweruka ndavala nsapato zobwereka,
theka lofiira, theka labuluu, zofunda mapazi a munthu wina.
Mayi Piroska andiwongola phewa, anena mawu amene sindinawamve.
Mpira wachoka m'dzanja mwanga mwaulemu,
wayenda, waganiza,
wakhotera m'ngalande.
Gyula Bartal waimirira, wawomba m'manja ngati wapeza mbale wake.

Ndatembenuka.
Bambo Szendrei pa njinga yawo ya olumala, bulangete m'mawondo,
akweza chala chonjenjemera chija,
akulemba mumpweya, pang'onopang'ono,
zilembo zikuluzikulu
zimene ndidzatayipe ndekha mwezi wamawa.