Chitseko cha Koivu

Ku Oulu dzuwa latuluka mochedwa, lalowa lisanafunditse kanthu.
Ndatsala ndekha m'chipinda cha makina,
khofi wazizira m'kapu,
chipale chofewa chikukanda zenera ngati mphaka wofuna kulowa.

Maseva awiri, Kuusi ndi Koivu,
mayina a mitengo ya kuno,
akhala akuyenderana usiku uliwonse zaka zisanu ndi chimodzi
osafunsana mawu achinsinsi.
Kuusi ankangofika, kuonetsa kiyi, Koivu n'kutsegula.
Lero ayi.
Lero Koivu wamuyang'ana ngati sanamuonepo:
mawu achinsinsi?

Ndayamba ndi kudzikayikira, monga mwa chizolowezi.
Kiyi wapoyera ndamukoperanso,
ndalondola mzere wake wautali ndi chala pagalasi
kuopa kuti unathyoka pakati.
Sunathyoke.
Ndawonjeza v mmodzi, wachiwiri, wachitatu,
kuti makina alongolole zonse,
ndipo alongololadi:
ndapereka kiyi, akutero Kuusi,
sanamulandire, ndiyesa njira ina.
Chifukwa chake sakuchidziwa.
Mlendo wobwezedwa pakhomo
samva zonong'onezana za m'nyumba.

Aulikki watumiza uthenga:
ana agona, msuzi wa nsomba uli pachitofu.
Ndayankha kuti mphindi khumi zokha.
Ndanama.

Ndiye ndazungulira kuseri,
ndalowa mwa Koivu ndi mawu akale aja
amene ndinayesa ndinawaiwala,
ndatsegula kaundula wa mlonda.
Pa 02:14, kamzere kamodzi, kosakweza mawu:
umwini kapena zilolezo za foda sizili bwino.

777.
Aliyense awerenge, aliyense alembe, aliyense alowe.
Dzanja ili ndalidziwa, ndi la Tarmo.
Lachisanu, tsiku lake lomaliza asanapume pantchito,
keke ili m'manja, magalasi atatsetsereka pamphuno,
anati: musadzavutike n'kundifunafuna,
ndakusiyirani zonse poyera.
Anatsegula nyumba yonse mwachifundo.
Koma Koivu anawerenga mwina:
ngati aliyense angalembe m'buku la alendo anga,
ndidziwa bwanji kuti kiyi uyu sanaikidwe ndi mbala?
Anakana mnzake wa zaka zisanu ndi chimodzi
chifukwa khomo linali pululu.

Ndatseka.
700 pa foda, 600 pa fayilo,
ndachotsanso dzanja la gulu pa nyumba yonse.
Manambala ouma mtima, a mwini mmodzi.
Ndapuma kaye, chala chili m'mwamba.
Ndadina.

Palibe funso.
Kamzere kakungophethira pafupi ndi dzina la Koivu
ngati sipanachitike kanthu,
mafayilo a masiku atatu ayamba kuwoloka,
mmodzi pambuyo pa mnzake, mwaulemu.

Panja njinga yanga yakwiririka mpaka pachishalo.
Ndiikankha, msuzi ndikautenthetsanso.
Mawa ndimuimbira Tarmo.
Za 777 sindimuuza.
Ndingomufunsa ngati nsomba zikudya nyambo
pansi pa madzi oundana,
ndiponso ngati chitseko cha kanyumba kake wakhoma.