Utoto wa Adada

Tidavundukula lona Loweruka, mvula yamawawa ikugwa pa Katawa,
fumbi la zaka makumi atatu nkutiyetsemulitsa tonse.
Inali pomwepo, itakhala pa njerwa,
yofiira ngati khofi wakupsa,
ya mipando iwiri yokha,
denga lake lansalu litakwinyika ngati khosi la nkhukundembo.

Manambala a mamailosi adaima pa 9,114.
Wakabaza wa ku Chibavi amapyola pamenepo ndi miyendo yake.
Adada adaigula kwa mzungu wa mitengo ku Chikangawa
amene ankabwerera kwawo,
ndipo ankaitulutsa Lamulungu lokha, kukakhala kopanda matope.
Amama atamwalira adachotsa batire,
makiyi nkuwaika m'thumba la jekete ya ukwati.

Mlongo wanga Vitumbiko akuti tiikonze.
Tipale utoto wonsewu, tithire wonyezimira,
mipando tiikute ndi chikopa chatsopano,
akwati azitilipira Loweruka lililonse.
Galimoto yosayenda ndi nyumba ya makoswe, akutero,
ndipo sakunama:
m'buti tapezamo chisa ndi zitsononkho.

A Harawa, makaniko wa ku Luwinga, adagwada osalankhula,
nkumasisita chitseko ngati akugula ng'ombe.
Mwana wanga, utoto uwu ndi wa ku fakitale.
Amene adauthira adagona kalekale.
Wonyezimira ndingakuthirireni ngakhale kakhumi,
koma uwu mukaupala, mwaupala.

Usiku ndidapita ndekha ndi tochi.
Mpando wa dalaivala udakali ndi dzenje la msana wawo.
Mpando winawo ndi wowongoka,
koma m'kabokosi ka kutsogolo muli chipini cha tsitsi
ndi lisiti la petulo lofufuma
limene mtengo wake lero sungagule ndi machesi omwe.
Fungo lake sindingalitchule dzina:
chikopa, mafuta, ndi kena kake ka Lamulungu m'mawa.

Pa chitseko chakumanzere pali chibonyongo.
Ndine ndidachipanga, ndi njinga yobwereka,
ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Ndidabisala m'nthochi mpaka kuda.
Adada sadandimenye,
ndipo sadachiwongole konse.
Vitumbiko akuti nyundo ingachichotse pa ola limodzi.
Ola limodzi,
ndiye kuti ine sindidakhalepo pa galimotoyi.

Komabe nditaunika pansi ndidaona dzimbiri
likudya mwakachetechete ngati chiswe m'mtanda wa denga.
Kusiya chinthu sikusunga.
Mwinanso adada sankaisunga ayi,
ankangolira nayo chitseko chili chotseka,
ndipo ife tabwera kudzatcha maliro awo chuma.
Chifunga cha Mzuzu sichifunsa ngati utoto ndi wa ku fakitale.

Sabata yonse tidakangana pa khonde,
tiyi kuzizira m'makapu.
Munthu wina wa ku Lilongwe adaimba foni kawiri,
akuti tisakhudze kanthu, tisaiyendetse ngakhale mpaka pa geti,
mailosi iliyonse ikudula mtengo.
Sanafunse n'komwe kuti inali ya yani.

Lolemba ndidagula batire, matayala anayi,
mafuta ndi mapaipi a mabuleki.
Ndidati a Harawa aphe dzimbiri la pansi, pamene maso safika.
Pamwamba pakhale sopo ndi nsanza basi.
Vitumbiko adati ndasankha theka la chilichonse.
Mwina.

Idatsokomola kanayi ngati nkhalamba ya m'Juni,
kenaka nkulira,
agalu a Katawa yense nkuyankha.
Mlongo wanga adalowa yekha, osaitanidwa,
nakhala pa mpando wa amama, mawondo ali kuchibwano.

Tisanafike pa raundabauti ya Katoto
ndidaona nambala yomaliza ikugwedezeka,
folo uja wa zaka makumi atatu akukwera pang'onopang'ono,
faifi akusuzumira pansi pake.
Sindidamuuze Vitumbiko.
Anali atatulutsa mkono panja,
dzanja lake lili pa chibonyongo changa,
kuti chitseko chisatseguke.