Kanyundo ka a Ferucho

Njinga za mkaka zimafika kusanayere,
za ku Mpingu, za ku Chitedze,
zigubu zikugundana pa keliyala.
Ndimalawa ndi chala. Wothira madzi ndimamudziwa:
amayamba ndi kufunsa za ana anga.

A Ferucho Dalmaso anabwerera mathirakitala a msewu.
Phula linatha, iwo osabwerera kwawo.
M'sutikesi munali malaya awiri, chithunzi cha phiri loyera,
ndi kabuku ka agogo awo kothimbirira mafuta,
tsamba lililonse mkaka, mkaka, mchere.
Mphika wa mkuwa utatsika pa lole
a ku Likuni anati mzungu uyu atcheza kachasu.

Woyamba kutakasa anali mayi anga, Nasiwelo.
Ankati mkaka wogona usiku umodzi ndi chambiko,
nanga wogona chaka chathunthu udzadzuka uli ndani?
Anaseka, natakasabe zaka makumi atatu
mpaka mchere unawadya zikhadabo.

Lero motsarela ndimakoka ndine
m'madzi otentha osayikamo chala mlendo.
Rikota ndi mwana wa zotsalira, sachedwa kukwiya,
akafika ku Area 10 dzuwa litakwera, basi wasasa.
Provolone timamanga chingwe m'khosi,
alendewere kudenga ngati zipanda.
Koma wamkulu uja, wothyola msana,
amakhala mumdima pa matabwa,
ine kumutembenuza Lachiwiri ndi Lachisanu,
kumupukuta nkhope ngati wodwala wa kwathu.

Magetsi akathima mu Okutobala
Jiyana, mdzukulu wawo, amathamangira jenereta wopanda nsapato,
akutukwana m'Chichewa cha ku Chinsapo.
Phiri loyera lija sanalionepo.
Kabuku amawerenga movutikira, chala pa mzere,
pena nkundifunsa ine tanthauzo,
ine amene ndinamva zonsezo ndi manja.

A Ferucho anagona ku Likuni konkuno,
mizere itatu kuchokera pa mayi anga.
Kanyundo kawo kanatsalira ine.
Ndimagogoda monga wosankha dzungu pamsika, khutu pafupi:
akayankha mwamphako, muli bodza m'kati,
akayankha mogonthera, ayembekeze mvula ina.

Pa Khirisimasi ndinatengako kachidutswa kunyumba.
Ana ananunkhiza, nati sokosi za msilikali.
Ndinadya ndekha pakhonde, pang'onopang'ono,
ndipo pansi pa mcherewo ndinamva msipu wa ku Mpingu,
wa chaka chija kunagwa matalala.