Eyiti Koloko ku Doncaster

Eyiti koloko ikakwana
tauni yonse imaika foni kukhutu.
Ine ndili m'khitchini mwa Mayi Thackray,
dzanja lina likutakasa phala lawo la otsi,
lina lapanira kanyimbo ka kuchipatala patsaya,
kanyimbo kopanda mawu, kosavinika.
"Ndinu wa nambala sate-wani pamzere."

Kwathu ku Ntcheu mzere umaoneka ndi maso.
Wokudumpha umamudziwa, umamukalipira,
wapambuyo pako amakusungira malo ukapita kuseri.
Mzere wa kuno uli m'waya,
ulibe benchi, ulibe woti umufunse kuti mwadzera chiyani.

Kachotupa ka pansi pa bere langa lamanzere
mu Okutobala kanali kanjere ka mapira.
Lero ndi nzama.

Twente-foro.

Kalata ya Mayi Thackray ili pachitseko cha filiji,
yapanikizidwa ndi kamaginito kooneka ngati nkhanu.
Anawalonjeza chiuno chatsopano.
Kalatayo yaona Khirisimasi ziwiri, ngodya zake zapindika,
ndipo masitepe a nyumba yawoyawo
asanduka phiri lomwe amangoliyang'ana.
Mwana wawo Graham amaimba Lamulungu lililonse:
"Ine kuntchito anandidulira inshuwalansi,
bondo anandikonza mwezi usanathe.
Lolani ndikulipirireni, amayi."
Iwo amayankha kuti mzere sadumpha.
Amati mayi awo ankabisa makobidi a dokotala m'chitini cha tiyi,
mwana akatsokomola ankayamba atsegula chitinicho
asanatsegule chitseko.
"Zimenezo tinaziika m'manda. Sindizifukula ndi chiuno changa."

Seventini.

Pawailesi anthu akuimba, aliyense ndi mankhwala ake.
Wina akuti kwezani msonkho, ndipereka.
Wina akuti ndalama zimathera m'maofesi.
Wina, mawu ake onenepa ngati wangodya kumene,
akuti mabedi adzaza ndi obwera.
Mayi Thackray atambasula dzanja, atsitsa wailesi.
"Sakunena iwe."
Ndaseka. Nanga akunena yani?
Chipatala chino ndinachilipira ndisanachione:
mchimwene wanga Lonjezo anagulitsa njinga yamoto ya kabaza
kuti viza yanga yasukulu ikhale ndi chidindo cha zaumoyo.
Mpaka lero pepala la malipiro limabwera litalumidwa kale.
Sindidandaula. Mbuzi ikadya pamene aimangirira
nayonso imathira manyowa pomwepo.

Naini.

Phala lapsa. Mapilitsi asanu m'kabokosi ka Lachitatu.
Ndawapukuta kumaso, ndawaveka masokosi,
foni ili chigonere patebulo, ikudziimbira yokha.
Panja mvula yopanda mtima wogwa,
yongonyowetsa makatoni.

Firii. Thuu.

"Pepani, malo a lero atha. Yesani mawa eyiti koloko."
Pakamwa panga patuluka "zikomo"
monga anandiphunzitsira kunena kwa aliyense wovala yunifolomu,
koma dzanja la makwinya lalanda foni.
"Tamvera, mwanawe. Uyu ali ndi chotupa m'bere.
Ayi, sanandiuze. Ndili ndi maso.
Sabata zisanu ndi imodzi akudzigwira pamenepo akamatsuka makapu.
Chotupa, ndati. Lemba."

Chete.
Kenako makiyi a kompyuta, ngati nkhuku zikujompha chimanga pa lata.

Teni pasiti folo, lero lomwe.

Andibwezera foni osandiyang'ana,
akuti phala lachepa shuga.
Ndikuwerengera mumtima: folo koloko ndi ya Bambo Oldroyd,
amene sadya ngati sindinawagwirire supuni.
Ola limenelo salipira ukalisiya.
Basi nambala fifite-seveni imachedwa kukagwa mvula.
Ndiimbira Mwandida, mwina tisinthana.

Ndathira shuga.
Pafiliji nkhanu ija idakagwirabe kalata yawo,
ndipo ine, amene ndadumphitsidwa mzere
ndi munthu wokana kudumpha,
ndikusowa poika maso.